Tisawasiye pa kauntala achinyamata oyamba ntchito m'malaibulale

M'malaibulale a sukulu zaukachenjede muno mu Lilongwe, wachinyamata amene wangoyamba kumene ntchito savuta kumupeza. Amakhala pakhomo polandirira zikwama, kapena pa kauntala akudinda tsiku lobwezera buku, kapena pakati pa mashelefu akubwezeretsa mabuku amene ophunzira asiya pamatebulo. Mukabweranso chaka chamawa mumupeza pomwepo. Ntchito zimenezi si zonyozeka, ndipo aliyense wa ku laibulale ayenera kuzidziwa bwino. Chimene chimandiwawa n'chakuti kwa ambiri kuphunzira kumathera pamenepo. Munthu anabwera ndi digiri kapena satifiketi, ali ndi chidwi, koma palibe wamkulu amene amamuitana n'kunena kuti, "Khala apa uone mmene timachitira."

Ine ndikuti kusula munthu wolowa kumene ndi ntchito ya laibulale, yofanana ndi kugula mabuku kapena kulipira intaneti. Iyenera kukhala ndi mwini wake, nthawi yake, ndipo akuluakulu a sukulu azifunsa ngati yachitika. Pakadali pano timaisiya m'manja mwa mwayi. Amene wagwa m'manja mwa bwana wamtima wabwino amakula, amene wagwa kwina amakalamba akudinda madeti.

Sindikunyoza maphunziro amene achinyamatawa amabwera nawo. Yunivesite ya Mzuzu yakhala ikuphunzitsa za malaibulale kwa zaka zambiri, ndipo bungwe la anthu ogwira ntchito m'malaibulale la MALA lathandiza anthu ochuluka kudzera m'maphunziro ake a satifiketi. Wochokera kumeneko amadziwa kuti pa ndondomeko yosanjira mabuku ya Dewey zaulimi zili pa 630, zachipatala pa 610, ndipo pa ndondomeko ya Library of Congress zaulimi zimayamba ndi S, zaunamwino ndi RT. Amadziwa kulowetsa buku mu katalogu. Ena anaigwirapo kale Koha, pulogalamu imene malaibulale ambiri akugwiritsa ntchito pobwereketsa mabuku. Zonsezi n'zofunika. Koma mbali yaikulu ya ntchito yathu ndi yolankhula ndi munthu amene sakudziwa bwinobwino chimene akufuna, ndipo imeneyi siiphunzirika pa bolodi.

Taganizirani wophunzira wa ku Bunda amene wafika pa kauntala n'kunena kuti, "Ndikufuna buku la chimanga." Wolowa kumene, pofuna kuthandiza msanga, amulozera shelefu ya mabuku a mbewu, ndipo onse awiri akhutira kuti nkhani yatha. Wodziwa ntchito sayamba ndi kuloza. Amafunsa kaye kuti, "Ndi za phunziro liti? Alekichala anena kuti mulembe chiyani kwenikweni? Akufuna liti?" Pakutha pa mafunso ochepa zimadziwika kuti mwanayo akulemba za mbozi za fall armyworm. Mbozi zimenezi zinayamba kuoneka mu Africa mu 2016, ndipo kuno kwathu zinavuta kuyambira nyengo ya ulimi ya 2016/2017. Ndiye kuti buku lililonse la pa shelefu limene linasindikizidwa chisanafike chaka chimenecho silinena kanthu za mmene mbozizo zikuwonongera minda ya kuno. Mwanayo akanakhala tsiku lonse akutsegula masamba, n'kutuluka akunena kuti ku laibulale kulibe kanthu. Yankho lake lili m'magazini a kafukufuku a pa AGORA, tsamba la pa intaneti limene bungwe la FAO linakhazikitsa mu 2003, ndipo sukulu za m'Malawi zimatha kuwawerenga mwaulere zikalembetsa. Lilinso m'malipoti a boma ndi a malo a kafukufuku monga Chitedze, mwinanso mu kafukufuku wa wophunzira wina amene anamaliza zaka zapitazo. Wophunzira unamwino amene wabwera kudzafuna "buku la uchembere" nayenso mwina akufunika HINARI, tsamba la magazini a zaumoyo limene bungwe la WHO linayambitsa mu 2002, kapena Malawi Medical Journal.

Luso lofunsa mafunso otere limaoneka laling'ono, koma ndi limene limasiyanitsa laibulale ndi nyumba yongosungiramo mabuku. Munthu amaliphunzira poima pambali pa wodziwa, kumva mmene wafunsira, kuona pamene wakhala chete kuti wophunzira amalize kulankhula, kenaka kuyesa yekha wamkuluyo akumvetsera. Pambuyo pake amakhala pansi awiri n'kukambirana kuti, "Pamene uja unafulumira. Ukanamufunsa chaka chimene akuphunzira." Mphindi khumi zokha zotere, zikamachitika kawirikawiri, zimamusintha munthu.

Palinso china chimene ndimachiona kuti n'chachikulu koposa. Ophunzira ambiri amene amafika ku yunivesite achokera ku masukulu a CDSS kumene kunalibe laibulale yeniyeni, mwina kabati imodzi ya mabuku mu ofesi ya ahedi. Akalowa m'nyumba ya mashelefu ataliatali amachita mantha, ndipo safunsa chifukwa akuopa kuoneka otsalira. Mawu amodzi okalipa a munthu wa pa kauntala angathe kumuthamangitsa mwana wotero kwa zaka zonse zinayi za maphunziro ake. Wolowa kumene ntchito amatengera zimene wapeza. Akapeza akuluakulu amene amayankha ophunzira osadzutsa n'komwe mutu, iyenso achita zomwezo, ndipo aziganiza kuti ndiwo ulemu wa udindo. Choncho ngakhale pamene tikuti sitikusula munthu, tikumusula ndithu, koma m'njira yolakwika.

Mbali ina imene achinyamata saiona n'komwe ndi ya ndalama. Magazini ambiri a kafukufuku ndi mabuku a pa intaneti amalipiridwa ndi ndalama zakunja. N'chifukwa chake malaibulale a m'dziko muno anagwirizana mu 2003 n'kupanga MALICO, kuti azigula pamodzi pamtengo wotsikirako. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, bajeti ya laibulale iliyonse inafupika tsiku limodzi. Pa nthawi yotere wina ayenera kukaima pamaso pa komiti ya zachuma n'kufotokoza chifukwa chake ndalama ya magazini isadulidwe, atanyamula umboni wa mmene ophunzira ndi alekichala akuwagwiritsira ntchito. Wina ayenera kusankha kuti pa mabuku amene madipatimenti apempha agule ati, asiye ati, n'kukamufotokozera pulofesa amene buku lake lasiyidwa mopanda kuyambana naye. Kodi wachinyamata adzaziphunzira kuti zimenezi ngati sanalowepo m'chipinda chimene zimakambidwa? Palibe lamulo loletsa mkulu wa laibulale kutenga wachinyamata mmodzi kuti akakhale kumbuyo kwake pa msonkhano, azikalemba zimene zikunenedwa. Tsiku lina adzakhala kutsogolo, ndipo si bwino kuti tsiku limenelo lidzakhale loyamba kumva mmene anthu amatsutsirana za bajeti.

Ntchito ikusinthanso pansi pa mapazi athu. Alekichala amakwezedwa pa udindo akasindikiza kafukufuku, ndipo pali magazini achinyengo ambirimbiri amene amalandira ndalama n'kusindikiza chilichonse osachiunika. Lekichala wachinyamata akalandira kalata yomukopa kuchokera ku magazini otere, woyamba kumufunsa ayenera kukhala wa ku laibulale, amene adziwa koyang'ana, monga pa DOAJ kapena AJOL, masamba a pa intaneti amene amandandalika magazini ounikidwa, ndiponso zizindikiro za chinyengo. Ophunzira nawo akubwera ndi mayina a mabuku amene ChatGPT yawapatsa, ena mwa iwo mabuku oti sanalembedwepo n'komwe. Zimenezi ngakhale achikulire akuziphunzira kumene. Apa kusulana kuyenera kuyenda mbali zonse ziwiri.

Tsono ganizirani zimene zili m'mitu ya achikulire amene atsala pang'ono kupuma pa ntchito. Laibulale iliyonse yakale ili ndi zinthu zimene katalogu siinena: malipoti a mapulojekiti amene anatha kalekale, timabuku ta unduna timene sitinasindikizidwenso, mabokosi amene mphunzitsi wina anasiya pobwerera kwawo. Pali mayi kapena bambo mmodzi amene amadziwa kuti zili pati, anabwera nazo ndani, ndiponso chifukwa chake zinaikidwa padera. Pali amene amadziwa mmene katalogu ya pa kompyuta imasungidwira kuti seva ikawonongeka isatayike, ndi amene amasunga mapasiwedi. Moto utawononga laibulale ya ku Yunivesite ya Mzuzu mu Disembala 2015, dziko lonse linamva chisoni, ndipo n'koyenera, chifukwa mabuku zikwizikwi anapsa. Koma munthu wa zaka makumi atatu pa ntchito akamatsanzika, timamugulira mphatso, timadya naye, osamufunsa kuti zimene akudziwa wasiyira ndani. Chaka chomaliza cha munthu wotere chiyenera kukhala chopereka nzeru, osati chongowerenga masiku.

Nanga n'chifukwa chiyani sizikuchitika? Chifukwa choyamba chili m'makhalidwe athu, ndipo si choipa pachokha. Tinaleredwa kuti wamng'ono sagogoda pa ofesi ya wamkulu popanda kuitanidwa. Mtsikana amene wangoyamba ntchito sangapite kwa mkulu wa laibulale n'kunena kuti, "Bwana, ndiphunzitseni za bajeti." Aopa kuti amuona ngati wamwano kapena wofuna mpando. Ndiye malangizo amene timakonda kupereka akuti achinyamata azidzifunira okha owalangiza sagwira ntchito kuno. Woyamba kulankhula akhale wamkulu. Akanena yekha kuti, "Mwana wanga, Lachinayi masana uzibwera tizikambirana," chitseko chatseguka ndipo palibe amene wachita mwano.

Achikulire ena amati, "Ife tinaphunzira tokha, palibe anatigwira dzanja." Ndimawamvetsa, ndipo ambiri anavutikadi. Koma kuvutika kwawo kunatayitsa zaka zimene ophunzira akanathandizidwa bwino, ndipo sindikuona chifukwa chobwerezera. Ena amati, "Ukawaphunzitsa amathawira ku mabungwe kumene kuli malipiro abwino." Zimachitikadi. Koma amene wathawira ku bungwe kapena ku laibulale ya Nyumba ya Malamulo akadali m'dziko lomwe lino, akutumikira anthu omwewa, ndipo adzakhala bwenzi la laibulale imene inamulera. Amene amawononga kwambiri ndi uja wosaphunzitsidwa amene wakhala zaka makumi awiri pa kauntala mtima uli kwina. Ndipo achinyamata ambiri sachoka chifukwa cha ndalama zokha. Amachoka chifukwa saona njira kutsogolo kwawo.

Chifukwa china sichitchulidwa poyera. Ndi mantha akuti wachinyamata wa digiri yatsopano, wodziwa makompyuta, adzalanda malo. Mantha amenewa ndi a umunthu, ndipo sangathe powadzudzula. Angachepe ngati sukulu zitayamba kuwerengera kusula ena ngati chinthu chokwezera munthu pa udindo. Lekichala amayamikiridwa chifukwa cha ophunzira amene wawayang'anira pa kafukufuku wawo. Wa ku laibulale nayenso afunsidwe pa fomu yake ya pachaka kuti walera angati, ndipo afika pati.

Koma vuto lalikulu la mzinda wathu lili kwina. M'zaka zapitazi mayunivesite ndi makoleji omwe si aboma achuluka mu Lilongwe. Bungwe loyang'anira maphunziro aukachenjede la NCHE, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2011, limayang'ana laibulale lisanavomereze sukulu, ndipo zimenezi n'zabwino. Zotsatira zake n'zakuti sukulu yaing'ono imalemba wachinyamata mmodzi amene wangomaliza kumene maphunziro, n'kumupatsa makiyi. Iyeyo ndiye mkulu wa laibulale, ndiye wa katalogu, ndiye wa pa kauntala, nthawi zina ndiyenso wa fotokope. Amene akumuyang'anira ndi wa zachuma kapena wa kaundula wa sukulu, munthu woti za laibulale sazidziwa. Akapatsidwa makatoni a mabuku akale ochokera kunja, alibe womufunsa ngati n'kololedwa kukana. Akauzidwa kuti achite fotokope buku lathunthu kuti ophunzira onse akhale nalo, sadziwa poyambira kufotokoza za lamulo la umwini wa zolemba la mu 2016 ndi ntchito ya COSOMA, bungwe loteteza umwiniwo, ndipo alibe wamkulu womuikira kumbuyo. Kwa munthu ameneyu, ndondomeko ya kusulana ya m'kati mwa sukulu ilibe tanthauzo, chifukwa m'katimo ali yekha.

Apa ndi pamene Lilongwe ali ndi mwayi umene sitikuugwiritsa ntchito. Mu mzinda umodzi ndi madera ozungulira tili ndi malaibulale a LUANAR ku Bunda ndi ku NRC, ya KUHeS pafupi ndi chipatala cha Kamuzu Central, ya Malawi College of Health Sciences, ya koleji ya aphunzitsi ku Nalikule, likulu la National Library Service ku City Centre, ndi ena a mabungwe. M'malo amenewa muli anthu odziwa ntchito. Akuluakulu anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Wachinyamata wa pa koleji yaing'ono atakhala masabata awiri ku Bunda akuona mmene kafukufuku wa ophunzira amalowetsedwera mu pulogalamu yosungira zolemba pa kompyuta, kenaka masabata ena ku laibulale ya zaumoyo akuphunzira kufufuza pa PubMed, tsamba la kafukufuku wa zachipatala, angabwerere kwawo ali munthu wina. Nayenso wa pa sukulu yaikulu angapindule atakaona mmene mnzake akuyendetsera laibulale yonse yekha ndi bajeti yochepa, chifukwa pa sukulu yaikulu munthu amatha kukhala zaka zambiri m'chigawo chimodzi osadziwa zimene zikuchitika kuseri kwa khoma.

MALA ndiyo ingathe kulumikiza zimenezi. Sipakufunika ofesi yatsopano. Pakufunika mndandanda wa achikulire amene avomera, kuphatikizapo opuma kale pa ntchito amene akukhala mu mzinda muno, ndi mndandanda wa oyamba kumene, ndiponso munthu mmodzi wowagwirizanitsa n'kumafunsa pakapita miyezi itatu ngati akukumanadi. Akumane kamodzi pa mwezi, pakati apo azilankhulana pa foni. Agwirizane poyamba kuti chaka chikamatha wachinyamatayo akhale atachita chiyani ndi manja ake: kuphunzitsa kalasi ya ophunzira a chaka choyamba kafufuzidwe ka nkhani, kulemba pempho la bajeti, kulemba ndondomeko yolandirira mabuku a mphatso, kapena kulankhula pa msonkhano wa bungwe. Popanda zinthu zogwirika zotere, kukumanako kumasanduka macheza ndipo kumazilala kokha.

Pali zoyenera kusamala, ndipo ndikuzinena mosabisa. Wolangiza asakhale bwana yemweyo amene amasaina fomu ya munthu, chifukwa palibe amene angaulule zimene sakudziwa kwa munthu amene agamule za kontirakiti yake. Kusankha owalera kusatsate kwawo kwa munthu kapena mpingo wake, poti tikudziwa mmene zimenezi zimalowerera m'maofesi athu. Ndipo atsikana atetezedwe. Bambo wamkulu akamati "ndikufuna kukuthandiza," mtsikana sayenera kuyamba kudzifunsa kuti thandizolo lili ndi mtengo wanji. Kukumana kuzichitikira pa ntchito, nthawi ya ntchito, anthu akudziwa, ndipo wachinyamata akhale ndi ufulu wopempha wina popanda kufunsidwa zifukwa.

Tisaiwalenso othandizira a mu laibulale amene alibe digiri koma agwira ntchito zaka zambiri. Kawirikawiri wa digiri amabwera n'kukhala bwana wawo tsiku loyamba, ndipo pamayamba kuzizirana. Chonsecho iwowo ndiwo amadziwa mabuku amene amasowa nthawi ya mayeso, malo amene ophunzira amabisa buku kuti anzawo asalipeze, ndi alekichala amene sabweza zimene abwereka. Mkulu wanzeru amauza wolowa kumene pamaso pawo kuti, "Miyezi yoyambayi uphunzira kwa amayiwa." Akatero wawapatsa ulemu wawo, ndipo wachinyamata waphunzira kuti udindo ndi kudziwa si chinthu chimodzi. Pakati pa othandizirawa, ndi pakati pa ophunzira amene amabwera kudzayeserera ntchito, mulinso anthu ofuna kupitiriza maphunziro a za laibulale koma sadziwa njira yake. Wina awauze, awalembere kalata yowachitira umboni, awakonzere nthawi ya ntchito kuti athe kuwerenga.

Kwa inu achinyamata ndili ndi mawu ochepa. Musanyoze shelefu. Munthu amene wayenda m'mashelefu miyezi ingapo akuwerenga misana ya mabuku amadziwa chimene laibulale yake ili nacho ndi chimene ilibe kuposa amene amangoyang'ana pa kompyuta. Mukapatsidwa nthawi ndi wamkulu, bwerani ndi funso lenileni lochokera pa zimene zakuvutani sabata imeneyo. Ndipo chenjerani ndi msampha umodzi. Chifukwa mumadziwa makompyuta, aliyense azikuitanani pulinta ikakana kapena intaneti ikaduka. Thandizani, koma musalole kuti ntchito yanu yonse ikhale imeneyo. Mukawaonetsa achikulire mmene pulogalamu ina imayendera, pemphani mwaulemu kuti nawonso akuonetseni mmene amasankhira mabuku ogula.

Za ndalama ena anena kuti palibe. Koma chaka ndi chaka timapeza ndalama za misonkhano ya masiku atatu ku nyanja, ndi maalawansi ake, kumene amapita ndi anthu omwewo amene anapita chaka chatha. Gawo laling'ono la ndalama zimenezo lingakwanire thiransipoti ya minibasi kuchoka m'tauni kupita ku Bunda kwa achinyamata angapo chaka chonse. Chosowa chenicheni ndi nthawi, ndipo nthawi imaperekedwa ndi akuluakulu a sukulu. Mkulu wa koleji amene ali ndi munthu mmodzi mu laibulale avomere kuti munthuyo azichoka masana amodzi pa mwezi, ngakhale zitatanthauza kutseka chitseko maola atatu kapena kusiyapo wothandizira.

A NCHE nawo angathandize ndi funso limodzi. Akamayendera sukulu amawerenga mabuku, mipando ndi makompyuta, amaonanso mapepala a maphunziro a woyang'anira laibulale. Pa fomu yomweyo awonjezere mzere wofunsa kuti ngati woyang'anirayo sanakwanitse zaka zitatu pa ntchito, akumulangiza ndani, wa ku sukulu iti, ndipo anakumana liti komaliza. Eni sukulu amachita msanga zinthu zimene akudziwa kuti adzafunsidwa.